Zikwangwani za pa chitseko cha labotale n'za ndani?

Ife ogwira ntchito mu labotale botolo lililonse timalidziwa, ngakhale pamene limakhala. Chikwangwani cha pachitseko chija timachipachikira munthu wina: wozimitsa moto amene wafika pakati pa usiku, magetsi atazima, utsi uli tolo, pamalopo pali mlonda yekha amene sadziwa zimene zili m'makabati.

Mu 1959, mumzinda wa Charlotte ku America, moto unabuka pamalo ena osungira mankhwala. Ozimitsa moto ataona thanki ikuyaka anayesa ndi palafini chabe, n'kuyamba kuuzimitsa monga mwa masiku onse. Pansi pa palafiniyo panali sodium, chitsulo chofewa chimene chimalusa chikakhudzana ndi madzi. Thankiyo inaphulika ndipo ambiri anavulala. Sodium yemweyo ndi amene amasungidwa m'mafuta m'kabotolo m'malabotale a sukulu za sekondale, choncho nkhaniyi si yakutali.

Ngoziyo ndi imene inachititsa kuti pakhale chizindikiro chotchedwa NFPA 704. Ndi bokosi loima pa ngodya, logawidwa panayi. Kumanzere, pabuluu, amanena za kuvulaza thupi. Pamwamba, pofiira, amanena za kuyaka, ndipo kumanja, pachikasu, za kuphulika. Ponsepo amalembapo nambala kuyambira 0 mpaka 4, ndipo 4 ndiye choopsa kwambiri. Kagawo koyera ka m'munsi ndi kamene ine ndimayamba kuyang'ana. Pakakhala W wodulidwa ndi mzere, ndiye kuti madzi asayandikire. Pakakhala OX, muli mankhwala okolezera moto, oti ngakhale mutautsekera mpweya umapitirira kuyaka.

Pamabotolo enieniwo mumapeza zithunzi zina zozunguliridwa ndi mzere wofiira: lawi la moto, chigaza ndi mafupa, madontho akudya dzanja. Izi ndi za GHS, dongosolo la bungwe la United Nations. Chosokoneza n'chakuti manambala ake amayenda chobwerera: mu GHS, 1 ndiye choopsa kwambiri. Munthu wokopera manambala a GHS a papepala lofotokoza za kuopsa kwa mankhwala n'kukawalemba pachitseko osaganizira akhoza kunamiza ozimitsa moto asakudziwa.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chikwangwani chokalamba. Pamalo ena pamene ndinakayendera, nambala ya foni yolembedwa pachitseko inali ya bambo amene anapuma pantchito kalekale, pepala litachita kuyezuka ndi dzuwa. Kuseri kwa chitsekocho kunali masilinda a gasi amene sanatchulidwe paliponse. Silinda ikatenthedwa imaphulika, ndipo wolowa m'chipindamo ayenera kudziwa zimenezi asanakankhe chitseko.

Ena amalakwitsa mwa kuchulutsa. Amamata chizindikiro chilichonse chimene apeza, cha tizilombo toyambitsa matenda, cha cheza choopsa chotchedwa radiation, cha poizoni, pachipinda chosungiramo magalasi ndi sopo. Ozimitsa moto akazolowera zimenezi amasiya kukhulupirira zitseko zathu.

Chikwangwani chizikhala kunja kwa chitseko, pamsinkhu wa maso, chowerengeka ndi tochi. Chizinena zokhazo zimene zilimodi, tsiku limene chinalembedwa, ndi manambala a anthu awiri oti akaimbiridwa usiku amayankha. Mankhwala atsopano akalowa kapena wina akasamutsidwa ntchito, pepalalo lisinthidwe tsiku lomwelo, ndipo mlonda asonyezedwe pamene lili.