Mendulo ya namwino ndi zimene siingathe kumuchitira

Pakadutsa zaka ziwiri zilizonse, komiti ya Red Cross ya ku Geneva, ICRC, imalengeza maina a anamwino osapitirira 50 oti alandire mendulo ya Florence Nightingale, namwino wa ku Britain amene anayala maziko a unamwino wamakono. Kwa ife a ntchito ya unamwino, palibe ulemu wina padziko lonse woposa umenewu. Ganizo lake linavomerezedwa mu 1912 pa msonkhano wa ku Washington, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse inachedwetsa zinthu, moti mamendulo oyamba anaperekedwa mu 1920, patatha zaka 100 chibadwire Nightingale. Poyamba inali ya amayi okha. Abambo anayamba kuganiziridwa mu 1991.

Ambiri amayesa kuti mendulo yotere amapatsa namwino amene wagwira ntchito zaka zambiri kapena wamaphunziro apamwamba. Ayi ndithu. Amayang'ana kulimba mtima ndi kudzipereka posamalira ovulala ndi odwala pa nkhondo kapena pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, kapenanso nzeru zatsopano zimene munthu wabweretsa pa umoyo wa anthu ndi pa maphunziro a anamwino. Maina amachokera ku mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent a m'dziko lililonse, ndipo ngakhale namwino amene anafera pa ntchito atha kulemekezedwa.

Nanga ntchito yotereyi ikukhudzana bwanji ndi ufulu wachibadwidwe? Ukulowa pa bedi la wodwala. Msilikali wa mbali ya adani akabwera akukha magazi, namwino safunsa kuti ndi wa gulu liti. Mapangano a ku Geneva a 1949 amalamula kuti wovulala aliyense asamalidwe mosasankha. Mkaidi, mayi wothawa kwawo, munthu amene mudzi wonse ukumusala chifukwa cha matenda ake, onsewa ali ndi ufulu woti wina awakhudze ndi kuwasambitsa. Malamulo a khalidwe la anamwino, amene bungwe la International Council of Nurses linakhazikitsa koyamba mu 1953, masiku ano amanena mosabisa kuti kulemekeza ufulu wa munthu ndi mbali ya unamwino weniweniwo.

Nthawi zina ntchitoyi imatuluka m'chipatala n'kulowa m'mudzi. Mu 2022, namwino Anna Qabale Duba wa ku Marsabit, kumpoto kwa Kenya, anakhala woyamba kulandira mphoto ina ya anamwino, ya Aster Guardians, ya madola 250,000, chifukwa cholimbana ndi mdulidwe wa atsikana komanso maukwati a ana. Iye mwini anadulidwa ali mwana, ndipo anathawa ukwati wokakamizidwa.

Koma nkhani imene ndimafuna wophunzira unamwino aliyense aimve ndi ya Salome Karwah, wothandizira anamwino wa ku Liberia. Mu 2014 Ebola inatenga bambo ndi mayi ake, nayenso anadwala mwakayakaya koma anachira. Atachira anabwerera kumalo omwewo osamalirako odwala Ebola a bungwe la madokotala opanda malire, MSF, ku Monrovia, kukadyetsa, kukasambitsa ndi kukalimbitsa mtima anzake. Kumapeto kwa chakacho nkhope yake inatuluka pachikuto cha magazini ya Time, pamodzi ndi ena olimbana ndi mliriwu, ngati anthu otamandika a chaka cha 2014. Dziko lonse linamuombera m'manja.

Mu February 2017, Salome anabereka mwana wake wachinayi kudzera pa opaleshoni. Atatulutsidwa m'chipatala anayamba kukomoka, abale n'kuthamanga naye kuchipatala konkuja. Malinga ndi mwamuna wake ndi achibale, ogwira ntchito ena anachita mantha kumukhudza atadziwa kuti anadwalapo Ebola, ndipo thandizo linachedwa. Anamwalira ali ndi zaka 28.

Sindikunena kuti mphoto n'zachabe. Zimathandiza boma kukumbukira kuti namwino alipo, ndipo mtsikana wa kusekondale akaona mnzake wa ku Marsabit akulemekezedwa, mtima umamuuza kuti nayenso angathe. Chimene chimandivuta n'choti mphoto imasankha munthu mmodzi, pomwe chimene chimapha anamwino chimakhala cha gulu lonse: magolovesi atha, madzi osamba m'manja kulibe, munthu mmodzi akuyang'anira wodi yonse usiku. Mawu oti ngwazi ndi otsika mtengo kuposa zovala zodzitetezera, n'chifukwa chake akuluakulu amawatchula msanga.

Ngakhale anzathu amene akuti anaopa kukhudza Salome sindifulumira kuwaweruza, chonsecho zimene akuti anachitazo n'zolakwika. Anali atangoika m'manda anzawo ambirimbiri. Pa mliri wa Ebola wa ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ogwira ntchito zachipatala oposa 500 anamwalira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, linapeza mu 2015 kuti chiopsezo chawo chotenga matendawa chinali chokwera ka 21 mpaka ka 32 kuposa cha anthu ena akuluakulu, ndipo oposa theka la ogwira ntchito zachipatala amene anadwala anali anamwino ndi owathandizira.