Ayi, heavy metal sinayambitsidwe ndi olambira Satana

M'magulu a WhatsApp mumabwerabwera uthenga woti heavy metal, mtundu wa nyimbo za rock zaphokoso kwambiri, inayambitsidwa ndi olambira Satana, ati umboni wake ndi chimbale choyamba cha gulu loimba la Black Sabbath. Limeneli ndi bodza.

Chimbalechi chinatuluka pa 13 February 1970. Oimba ake anali anyamata anayi a ku Birmingham, ku England, amene poyamba ankaimba blues. Dzina la gululi analitenga ku kanema woopsa wa mu 1963. Mtanda wozondoka wa m'chikuto inaikamo ndi kampani yotulutsa chimbalecho, osati oimbawo. Komanso m'nyimbo yoyamba ya m'chimbalechi, munthu wogwidwa ndi mantha akuchita kulirira Mulungu kuti amuthandize.

Musanakhulupirire, werengani nokha mawu a nyimbozo pa intaneti, mufunsenso wotumizayo komwe wazitenga. Akalephera kutchula gwero, chonde musautumizenso kwa ena.