Kamoto ka pa pulagi si umboni woti koyilo ili bwino

Amakaniko ambiri akamasula pulagi ya njinga yamoto yakale, n'kuigunditsa ku injini, n'kuona kamoto kakuthetheka, amati koyilo (chipangizo chokweza mphamvu ya magetsi opita ku pulagi) ilibe vuto. Apa m'pamene timasokera. Panja mpweya ndi wosapanikizika, choncho ngakhale magetsi ofooka amadumpha kampata ka pa pulagi ka mamilimita 0.7 mosavuta. M'kati mwa silinda, pisitoni ikapanikiza mpweya ndi petulo, pamafunika mphamvu yochuluka zedi, ndipo koyilo yotopa imagonja pomwepo.

Yesani ngati kamotoko kangadumphe mpata wa mamilimita 6, makamaka injini itatentha, chifukwa waya wa m'kati mwa koyilo akayamba kuduka amaonetsa vuto akafunda. Komanso musathamangire kugula koyilo ina musanaone kondensa (kachipangizo koteteza mapointi, tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo). Ikafa, mapointi amapserera, ndipo njinga imatsokomola chimodzimodzi ngati koyilo yatopa.