Katswiri wa kemisitiri wopanda mabotolo ndi katswiri ndithu

Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti katswiri weniweni wa kemisitiri ndi yekhayo wovala chijasi choyera, wosakaniza mankhwala m'mabotolo mu labu, ndipo uja wokhalira masamu pa kompyuta amangolota. Nkhaniyi yatopetsa, ndipo si yoona.

Chiyambire 1926, pamene masamu ofotokoza khalidwe la maelekitironi (tizigawo ting'onoting'ono ta m'maatomu, tinthu tomwe timapanga zinthu zonse) anapezeka, akatswiri ena amathera moyo wawo wonse akuwerengera mmene maatomu amagwiranirana. Pofika 1927 anali atafotokoza kale ndi masamu chifukwa chake maatomu awiri a haidrojeni amamatana. Taonani madzi omwe timamwawa: maatomu ake atatu sali pa mzere woongoka, anapindika pafupifupi madigiri 104.5. Mawerengedwe abwino amafika pafupi kwambiri ndi nambala imeneyi, yomwenso a mu labu anaiyeza paokha. Zikasemphana, masamuwo amakonzedwa. Opanga mankhwala a kuchipatala nawonso amadalira mawerengedwe otere posankha zoti ayambe kuyesa.

Kuti mutsimikize, tsegulani buku la kemisitiri la kuyunivesite, mupeze mutu wa quantum chemistry, nthambi ya kemisitiri yogwiritsa ntchito masamu amenewa, kapena funsani aphunzitsi a sayansi.