Putin sabwera kudzakupalirani munda

Ndatopa nalo funso limeneli abale. Ndikangoimika njinga pa Lizulu kapena pa Chimbiya, chipewa ndisanavule, wina wafika kale foni ili mmanja, "alangizi mwamva? akuti nkhondo yachitatu ya dziko lonse yayambika, ndiye chaka chino tilime kapena tidikire kaye?" Chaka chilichonse kuyambira 2022 funso lake ndi lomweli, ndipo limabwera nthawi yomweyomweyo ya Okutobala pamene munthu amayenera kukhala atamaliza kugalauza. Ine ndine mlangizi wa zaulimi, za mfuti sindinaphunzire, koma poti nkhondo imeneyi inalowa mthumba la feteleza ndiye yalowa mu ntchito yanga, ndiyankhe kamodzi pano mwina ndipumeko.

Nkhondoyo ndi yeniyeni, pasakhale wina woti ndikuichepetsa. Russia inalowa mu Ukraine pa 24 Febuluwale 2022 ndipo anthu akufa mpaka lero, mizinda yagumuka, ana akugona mmaenje. Komanso mantha oti ifalikira sikuti ndi a anthu osaphunzira okha ayi, azungu eni ake amagona tulo ta maso. Finland yomwe inakhala zaka zambirimbiri yosalowa mbali inathamangira kulowa NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America ndi maiko a ku Ulaya, mu 2023, Sweden nayo mu 2024, ndipo lamulo la NATO ndi loti ukaputa mmodzi waputa onse. Koma taonani zomwe zakhala zikuchitika nthawi zonse zimene magulupu a WhatsApp anatiuza kuti basi kwatha. Mu Novembala 2022 mzinga unagwa mmudzi wina ku Poland nkupha anthu awiri, Poland ili mu NATO, usiku umenewo foni yanga siinagone, mavoisi noti kuti mawa sikucha. Kunacha. Zinadzadziwika kuti mzingawo unali wa asilikali a Ukraine omwe, amatchinga mizinga ya Russia. Mu 2024 kunamveka za asilikali a North Korea atapita kukathandiza Russia ku Kursk, Putin nkusintha malamulo ake a bomba la nyukiliya, anthu nkuyambanso kutsanzikana. Mvula ya chaka chimenecho inabwerabe, ndipo amene anabzala anabzala. Kuchokera kuno kukafika ku Kyiv, likulu la Ukraine, ndi makilomita oposa 7,000, ndiye inu mukasiya khasu chifukwa cha mzinga umene ukugwa kumeneko mwathandiza ndani?

Chomwe chimandidabwitsa nchoti ife a Dedza ndi Ntcheu nkhondo timaidziwa kuposa anzathu ambiri mMalawi muno. Funsani agogo aliyense wa ku Tsangano, Biriwiri kapena Lizulu za nthawi ya Renamo ndi Frelimo. Msewu wa M1 womwewu ndiwo malire, tsidya linalo nyumba zikupsa, mfuti zikumveka usiku, anthu akuwoloka ndi mitolo pamutu, Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni mpaka anasainirana mtendere ku Rome mu 1992. Makolo athu aja ankalima mfuti ikulira kuseri kwa phiri. Sanadikire kuti Dhlakama ndi Chissano agwirane chanza kaye. Lero mdzukulu wawo akusiya munda chifukwa cha kavidiyo ka masekondi 30 komwe sakudziwa ngakhale kuti anajambula liti komanso kuti.

Tsono pali gulu lina lomwe limaoneka ngati lanzeru, awa samati dziko likutha, amati "tidikire nkhondo ithe feteleza atsika". Awa ndi amene amandipweteka mutu kwambiri chifukwa theka la zomwe akunena ndi zoona. Yuliya amapangidwa kuchokera ku gasi, Russia ndi dziko lomwe limagulitsa feteleza wamtundu umenewu wambiri kunja, ndipo potashi wambiri amachokera ku Russia ndi Belarus. Gasi atakwera mafakitale ambiri a ku Ulaya anachepetsa kupanga. Mtengo unayamba kukwera mu 2021 nkhondo isanayambe, itayamba unakafika pamwamba, madola oposa 800 pa tani. Zoona zimenezo. Koma pofika pakati pa 2023 mtengo womwewo kunjako unali utatsika kufika cha mma 300, nkhondo ikanali mkati. Nanga thumba pa Dedza boma kapena pa Kampepuza linatsika? Linakwera. Chifukwa chake feteleza timagula ndi dola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foreksi yosowa, dizilo wovuta, thumba lomwelo liyende kuchokera ku Beira kapena Nacala mpaka kuno. Ngakhale pa AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, amene munkapereka K4,495 pa thumba mu 2020 munadzapereka K7,500 chaka chotsatira kenako K15,000. Ndiye ngakhale Putin ndi Zelensky atadyera mbale imodzi mawa mmawa, musaganize kuti Loweruka mukapeza thumba la mtengo wakale pa Lizulu. Mukudikira basi yomwe sidutsa msewu uno.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandikhalabe pakhosi. Sinditchula mudzi. Munthu wolimbikira, wa zaka za mma 50, munda wake wa maekala awiri ndi ine ndinkatengerako anthu kukawaonetsa kabzalidwe ka mbeu imodzi pa phando. Mu 2022 cha mu Seputembala anayamba kumvera mneneri wina wa pa foni, sindikudziwa ngakhale nkhope yake, amangotumiza mavoisi noti usiku kuti Gogi ndi Magogi afika, bomba liphulika Khirisimasi isanakwane, wolima akulimira moto. Ndinapita kwawo kawiri. Ulendo woyamba anandilandira bwino, mayi akunyumba anandiphikira mbatatesi, koma bambo aja anangoti "alangizi inu mumadziwa za nthaka, za kumwamba zisiyeni". Ndinaseka, ndinkaona ngati zitha zokha, apa mpamene ndinalakwitsa. Ndikanapita kwa atsibweni awo kapena kwa abusa a mpingo wawo weniweni nthawi yomweyo. Ulendo wachiwiri ndinapeza munda abwereketsa kale kwa mnyamata wa geni wa pa msika, mbuzi zitatu agulitsa, gawo lawo la feteleza wotsika mtengo apereka kwa mavenda, ndalama ina atumiza pa foni kwa mneneri uja akuti ya chopereka chomaliza. Khirisimasi inafika, anthu anadya mpunga. Mu Januwale ndikudutsa ndinawaona akubandira mmunda mwawo momwe, koma ngati waganyu, akulipidwa ndi mnyamata uja pa mzere. Anandiona, anaweramitsa mutu, nanenso ndinangopitirira ngati sindinawaone chifukwa ndikanati chiyani. Mwana wawo wamkazi anali Fomu 2, sanabwererenso kusukulu teremu imeneyo. Nambala ya mneneri ija inasiya kupezeka, koma ndikukhulupirira kuti ali pa nambala ina pano akuuza anthu ena deti latsopano.

Ndipo anthu oterewa achuluka, nkhondo yawapatsa msika. Wina akuyenda ndi mabotolo a madzi obiriwira akuti feteleza wa madzi wochokera kunja, kabotolo kamodzi ekala yonse, palibe pepala losonyeza zomwe zili mkatimo, palibe adiresi. Wina akugulitsa thumba lotsika mtengo usiku akuti ndi "wa ku Russia uja", mukatsegula pamwamba feteleza pansi mchenga kapena miyala yoperapera. Chonde, tengani dzanja limodzi kuchokera pakati pa thumba, osati pamwamba, muike mkapu ya madzi. Yuliya weniweni amasungunuka yense ndipo madziwo amazizira, mchenga umakhala pansi nkumakuyang'anani. Onani ulusi wosokera thumba ngati sunasokedwe kawiri, kwezani pa sikelo muone ngati ndi 50 kg, ndipo gulani kwa wogulitsa amene ali ndi sitolo yoti mukabwerera mawa mukampeza, akupatseni lisiti. Wa pa njinga yamoto amene akuti "fulumirani bwana apolisi angatione" mukamufuna kuti mu Febuluwale chimanga chikachita chikasu?

Za feteleza wa ku Russia uja ndinenepo pang'ono poti ambiri anapsa naye mtima. Analipo ndithu, matani 20,000 omwe kampani ya Uralchem inapereka, anakhala atatsekeredwa ku Netherlands, a WFP ndi amene anathandiza kumunyamula kudzera ku Beira. Koma mwambo wopereka unachitika mu Malichi 2023. Malichi chimanga chamasula kale, china akuotcha. Ndikudziwa mayi wina wamasiye amene anali ndi ndalama yokwana theka la thumba mu Disembala koma anaisunga poti wailesi yanena kuti waulere akubwera, chimanga chinakula ngati mapesi a mapira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akuluakulu sananame. Theka la thumba lothiridwa nthawi yake limaposa matumba awiri obwera chimanga chitakalamba.

Zoti wokulitsa amathira pobzala kapena chikangomera ndipo wobereketsa pakatha masabata atatu sindibwerezanso, mwazimva kokwanira pa wailesi. Chomwe anthu samvetsa nchoti chimanga chili ndi kalendala yake yomwe siisintha chifukwa cha nkhani za pa BBC. Ukachedwa kubzala ndi masabata awiri mvula yobzalira itagwa, wataya kale gawo la zokolola ngakhale udzathire feteleza wochuluka bwanji, ndipo chochedwacho ndi chimene ntchemberezandonda zimachikonda poti chimakhala chanthete anzake atakhwima. Ngati ndalama yakwana thumba limodzi lokha, musamwaze munda wonse ngati mchere wa mndiwo. Chepetsani malo a chimanga, thirani mokwanira pamenepo, kwinako bzalani soya, nyemba kapena mtedza zomwe sizilira yuliya. Manyowa a Mbeya aja, osakaniza feteleza pang'ono ndi madeya, phulusa ndi ndowe za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, amathandiza ndithu koma amafuna masiku 21 ali otsekedwa mthumba la pulasitiki mkati, ndiye amene akuyamba kufunsa kapangidwe kake mvula itagwa kale wachedwa. Ndipo musawayese matsenga, si kuti thumba limodzi lasanduka asanu amphamvu yofanana monga ena amanenera, amangokuthandizani kutambasula kochepa komwe muli nako nkukonzanso nthaka.

China chomwe chikundiopsa masiku ano ndi cha achinyamata. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ulimi wa mbatatesi kudimba anabwera kudzandifunsa ngati ndingamuthandize kupeza wogula njinga yake ndi pampu, akuti pali ejenti pa Facebook amene akutumiza anthu ku Russia, sukulu yaulere ntchito pompo, angolipira ya fomu ndi pasipoti. Ndinamukhazika pansi. Mu 2024 atolankhani anaulula za atsikana a mmaiko a mu Africa amene anakopedwa chonchi pa intaneti nkukapezeka akumanga madroni a nkhondo pa fakitale ya ku Alabuga, malo amene Ukraine imawaphulitsa. Ku Zambia konkuno analira maliro a mnyamata amene anapita kukaphunzira ku Russia nkukafera kunkhondo ku Ukraine mu 2022. Ngati mukuopa kuti nkhondoyi ifika ku Ntcheu, njira yake ndi imeneyi, siibwera ndi ndege, ibwera ndi ejenti wolankhula bwino amene akufuna mwana wanu. Makolo, mwana akati wapeza mwayi wakunja, pitani naye ku ofesi ya zantchito pa boma mukafunse ngati ejentiyo amadziwika musanagulitse kanthu. Mnyamata uja pampu sanagulitse, koma sindinganene kuti ndinamugonjetsa, amandiyankhabe mozizira.

Enanso mumakangana pa bawo mpaka kutukwanana, uyu wa Putin uyu wa America, ngati Bullets ndi Wanderers. Kanganani, palibe choletsa, boma lathu linavota ku UN mu Malichi 2022 kudzudzula Russia pamodzi ndi maiko ena 140, anzathu a ku Mozambique tsidya la msewu anasankha kusavota mbali iliyonse, ndipo pa Lizulu timagulitsanabe tomato. Koma bandulo imene mukuthera mavidiyo a akasinja sabata iliyonse, muwerengere pa miyezi itatu muone ngati siikwana paketi ya mbeu. Zomwe zatilanda chakudya mMalawi muno zaka zimenezi tonse tinaziona ndi maso, Freddy mu 2023, ng'amba ya El Niño mu 2024 mpaka boma kulengeza ngozi mmaboma 23 mwa 28. Za zimenezozo palibe amanditumizira voisi noti kufunsa kuti alangizi tipange bwanji migula kapena tibzale mbeu yocha msanga iti.

Bambo ananyengedwa ndi mneneri aja munda anaulanditsanso chaka chachiwiri poti ngongole ya chimanga chomwe anadya inawakakamiza kubwereketsanso. Unabwerera mmanja mwawo chaka chachitatu, mbuzi mpaka pano alibe. Sabata yatha anandiimitsa pa msewu kundifunsa ngati ndingawapezereko madeya otchipa, akufuna ayambe kupanga Mbeya mwezi uno. Ndawauza abwere Lachinayi ndi matumba awo.