Nthochi zophika si nthochi wamba zosapsa

Ambiri amaganiza kuti nthochi zophikira nkhuku ndi zomwe zija timadya zikapsa, kungoti zathyoledwa zikadali zaziwisi. Ndiye munthu amadula mkoko wa kabuthu kuseri kwa nyumba, n'kuuponya mumphika limodzi ndi nkhuku, kenako n'kumadabwa kuti watulukamo phala.

Nthochi zophika ndi mitundu ina. Zimakhala zazikulu, zamakoko okhuthala ndiponso zaufa wambiri, moti ngakhale zitapsa mpaka khoko kuda, zimafunabe moto. Ufa umenewu ndi womwe umazithandiza kuti zisasungunuke msanga, komanso umakhuthalitsa msuzi. Anthu a ku Karonga amazidziwa bwino chifukwa cha mbalagha, chakudya chawo cha nthochi zophika ndi nyama, ndipo ku Cameroon amakazinga zakupsa n'kuzisakaniza ndi nkhuku m'chakudya chotchedwa poulet DG.

Kabuthu wamuwisi amaphikika ndithu, palibe akukana, koma amafewa msanga ndipo sakoma chimodzimodzi.

Vuto lina ndi nthawi. Nkhuku yachikuda ndi yolimba, imafuna kuwira ola lathunthu kapena kupitirira. Muyambe ndi iyoyo, muikazinge ndi anyezi, tomato ndi adyo, muthire madzi, ndipo nthochi zilowe nyama itatsala pang'ono kufewa. Mphindi 20 mpaka 30 zimakwana. Osavundula ndi mthiko ngati nsima, ingogwedezani mphikawo.

Posenda, pakani mafuta ophikira m'manja ndi pampeni, apo ayi utomoni ukudetsani zala. Zosendazo muziike m'madzi kuti zisade podikira nkhuku.