Mbalame za paradaiso zili ndi miyendo

Ndatopa nayo nkhani yakuti mbalame za paradaiso za ku New Guinea, chilumba cha kumpoto kwa Australia, zilibe miyendo, ati zimangouluka osatera mpaka kufa, n'kumamwa mame okha. Bodza limeneli ndi lakalekale. Linafala m'zaka za m'ma 1500, zikopa za mbalamezi zitayamba kufika ku Ulaya. Alenje ankadula miyendo, nthawi zina ndi mapiko omwe, asanaumitse zikopazo kuti agulitse. Ogula, amene anali asanaonepo yamoyo, anangopeka zotsalazo.

Miyendo ilipo, yamphamvu ndithu, yokhala ndi zikhadabo zogwirira nthambi. Taonani manucode, imodzi mwa mbalame za paradaisozi, yakuda yonyezimira mobiriwira ikawalidwa ndi dzuwa. Imakhala m'nkhalango zamvula yambiri, imadya zipatso, makamaka nkhuyu, komanso tizilombo, ndipo imamanga chisa mumtengo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti yaimuna ndi yaikazi zimafanana ndipo zimalera ana limodzi, pomwe abale ake otchuka ndi kuvina amasiyira yaikazi ntchito yonse.

Kutsimikiza sikuvuta. Fufuzani makanema ake pa intaneti, muione itatera panthambi, kapena tsegulani buku la mbalame. Uthenga wotere ukafika pafoni yanu, musautumize kwa ena musanafufuze.